Chingerezi cha Mfumu chimalankhulidwa ndi anthu angati?

M'chaka cha 1941, nkhondo yachiwiri ya padziko lonse ili mkati, wailesi ya BBC inapatsa ntchito yowerenga nkhani bambo wina wa ku Halifax, m'chigawo cha Yorkshire, dzina lake Wilfred Pickles. Bamboyu anali Mngerezi wobadwira ndi kukulira ku England, ndipo Chingerezi ndicho chilankhulo chimene anayamwira. Koma atangoyamba kumveka, makalata odandaula anayamba kufika kulikulu la wailesiyo, omvera ena akunena kuti zikuwavuta kukhulupirira nkhani zowerengedwa ndi munthu wolankhula chotero. Mlandu wake unali wakuti ankatchula mawu monga momwe amatchulira anthu a kumpoto kwa dzikolo, ndipo potsanzika usiku ankatha kuuza akwawo kuti "good neet" m'malo mwa "good night".

Ife amene Chingerezi tinachipeza m'kalasi tinakula tikuuzidwa kuti kuli Chingerezi chimodzi cholondola, chija tinkachitcha cha Mfumukazi, chimene lero tingati cha Mfumu, ndipo kuti china chilichonse chosafanana nacho ndi chothyokathyoka. Maganizo anga ndi akuti chikhulupiriro chimenechi chilibe maziko ngakhale ku England komweko, ndipo ife chikutipweteka pawiri. Chimatichititsa kunyozana pa zinthu zimene sizisonyeza nzeru za munthu, komanso chimatisiya osakonzeka tsiku limene tidzakumane ndi eni ake chilankhulocho akulankhula monga amalankhulira kwawo.

Chiyambire, Chingerezi sichinakhalepo chimodzi. Mitundu ya Angles, Saxons ndi Jutes, imene inawoloka nyanja m'zaka za m'ma 400 kuchokera kumadera amene lero ndi kumpoto kwa Germany ndi Denmark, inafika ndi malankhulidwe osiyana, ndipo akatswiri amagawa Chingerezi chakalecho m'nthambi zinayi: ya ku Northumbria, ya ku Mercia, ya ku Wessex ndi ya ku Kent. M'zaka za m'ma 800 kunabwera ma Viking ochokera ku Denmark ndi ku Norway, amene anakhazikika kumpoto ndi kum'mawa, ndipo mapazi awo akuonekabe pa mapu, popeza mayina a mizinda othera ndi "by", monga Grimsby, Whitby ndi Derby, ndi a chilankhulo chawo. Ngakhale alowam'malo ogwiritsidwa ntchito tsiku ndi tsiku monga "they", "them" ndi "their" anadza ndi alendo amenewa, n'kumatsika pang'onopang'ono kuchokera kumpoto mpaka kulowa m'kamwa mwa anthu a ku London. Kenaka mu 1066 kunafika a Norman ochokera ku France n'kulanda ufumu, ndipo kwa zaka pafupifupi 300 kunyumba yachifumu ndi m'makhoti munkamveka Chifalansa, Chingerezi n'kutsala cha anthu wamba, dera lililonse likumachilemba monga likuchimvera.

Amene anakumana nalo vutoli maso ndi maso anali William Caxton, yemwe anakhazikitsa makina oyamba osindikizira mabuku ku England mu 1476, ku Westminster. M'mawu oyamba a buku lina limene anasindikiza mu 1490, iye anasimba za amalonda amene ngalawa yawo inaima pafupi ndi mathiriro a mtsinje wa Thames chifukwa chosowa mphepo, mmodzi n'kulowa m'nyumba ya mayi wina kukafunsa mazira. Wamalondayo anati "egges", ndipo mayiyo anayankha kuti samva Chifalansa, zimene zinamupsetsa mtima mwamunayo popeza nayenso Chifalansa sankachidziwa. Anamvana pamene wina anatchula "eyren", dzina la mazira kudera la mayiyo. Caxton anafunsa kuti tsono munthu azilemba ati mwa mawu awiriwa. Pokhala wamalonda wofuna kuti mabuku ake agulidwe, anatsamira pa Chingerezi cha ku London, kumene kunali mfumu, maofesi a boma, ndalama ndi ogula. Chimene timachitcha Chingerezi chovomerezeka chinakula motero, ngati nthambi ya dera limodzi imene inakwera pamwamba pa zinzake chifukwa eni ake ndiwo anali ndi mphamvu. Pa nkhani ya mazira yokha anapambana ndi mawu a kumpoto, a ma Viking aja, ndipo "eyren" anaferatu.

Makina osindikizirawo anaumitsa kalembedwe pa nthawi yolakwika. Pakati pa zaka za m'ma 1400 ndi 1700 katchulidwe ka mavawelo aatali kanasintha kwambiri kummwera kwa England, koma zilembo zinatsala pomwe zinali. N'chifukwa chake mwana wa ku pulaimale, amene Chichewa amachiwerenga monga chalembedwera, amazunguzika mutu akapeza kuti zilembo zinayi zomwezo, "ough", zikutchulidwa mosiyana mu "though", "through", "tough", "cough" ndi "bough". Lembo la k mu "knee" ndi "knight" linkatchulidwa kale, ndipo "gh" linali liwu la pakhosi. Palinso zilembo zimene anaphatikamo anthu ophunzira pofuna kuonetsa kuti amadziwa Chilatini: b wa mu "debt" sanatchulidwepo m'Chingerezi, ndipo s wa mu "island" analowamo molakwitsa basi, chifukwa mawuwo sachokera ku Chilatini n'komwe. Mwana akalephera kulemba mawu amenewa timamudula malikisi, ndipo n'zoyenera popeza kalembedwe ndi pangano limene tonse tiyenera kusunga, koma tisamamuuze kuti m'menemo muli nzeru zakuya.

Tikayerekeza kalembedwe kakaleko ndi malankhulidwe amene amanyozedwa lero, timapeza chinthu chodabwitsa. Munthu wa ku Scotland akati "nicht" ndi liwu lija la pakhosi, kapena "hoose" ponena nyumba, amakhala akutchula monga ankatchulira makolo a Angerezi kusinthako kusanachitike. Okonda mpira amadziwa kuti otsatira timu ya Newcastle United amadzitcha Toon Army, ndipo "toon" ameneyo ndi "town" m'katchulidwe kakale kamene anthu a m'mbali mwa mtsinje wa Tyne sanakataye. Ngati tikufuna woti timuimbe mlandu wosintha chilankhulo cha makolo, tikamupeza ku London.

Mpira womwewo watiphunzitsa bwino kuposa buku lililonse kuti England salankhula ndi pakamwa pamodzi. Aliyense amene anamverapo Jamie Carragher wa ku Bootle, pafupi ndi Liverpool, akutsutsana ndi Gary Neville wa ku Bury, pafupi ndi Manchester, amadziwa kuti awiriwa satchula mawu mofanana, chonsecho mizinda iwiri ikuluikuluyo yatalikirana makilomita pafupifupi 50 okha, osafika ngakhale mtunda wa pakati pa Blantyre ndi Zomba. Katchulidwe ka ku Liverpool, kotchedwa Scouse, kanapatuka pa ka madera oyandikana nawo m'zaka za m'ma 1800, pamene doko la mzindawo linadzaza ndi anthu ochokera ku Wales ndi ku Ireland, makamaka othawa njala yaikulu ya m'ma 1840. Alan Shearer amalankhula Geordie wa ku Newcastle, Sir Alex Ferguson anakulira ku Govan mumzinda wa Glasgow, Roy Keane ndi wa ku Cork, ndipo palibe mmodzi mwa iwo amene amalankhula Chingerezi chimene tinkachiyesa cha eni ake.

Kusiyanaku sikuthera pa katchulidwe. Kabanzi kamene wa ku London angakatche "roll" ndi "cob" ku Nottingham ndi ku Leicester, "barm" ku Wigan ndi ku Manchester, "batch" ku Coventry. Kumpoto mabanja ambiri chakudya cha masana amachitcha "dinner" ndipo cha madzulo amati "tea", kotero mlendo woitanidwa ku "tea" amene wayamba wadyeratu kwawo, poganiza kuti akukamwa tiyi chabe, amakapeza mbale ya nyama ndi mbatatesi ikumudikira. Wogulitsa m'sitolo ku Stoke kapena ku Derby angakuitaneni kuti "duck", wa ku Newcastle kuti "pet", ndipo ku Glasgow mayi amaitanidwa kuti "hen", popanda amene akukunenani kuti ndinu bakha, chiweto kapena nkhuku. Akatswiri a pa yunivesite ya Leeds, motsogozedwa ndi Harold Orton, anayenda m'malo 313, ambiri mwa iwo midzi, pakati pa 1950 ndi 1961, akufunsa okalamba mayina a zinthu za pakhomo ndi za kumunda, ndipo mapu amene anatuluka m'kafukufukuyo ali ndi malire a mawu opingasana ponseponse.

Umboni umene ine ndimauona wamphamvu koposa ndi wa lembo la r. Kalekale Angerezi onse ankamveketsa r mu "car" ndi mu "farm". Anthu a ku London ndi madera ozungulira anayamba kumumeza m'zaka za m'ma 1700, ndipo kumeza kumeneku kunasanduka chizindikiro cha munthu wapamwamba, moti lero ku England womveketsa r ameneyu, monga a ku Bristol, Devon ndi Somerset, amasekedwa kuti ndi mlimi wa kumudzi wosadziwa za m'tauni. Ku New York zinthu zinatembenuka. Mu 1962 katswiri wa zilankhulo William Labov analowa m'masitolo atatu akuluakulu a mumzindawo, Saks, Macy's ndi S. Klein, n'kumafunsa ogulitsa za katundu amene iye ankadziwa kale kuti ali pa nsanjika yachinayi, cholinga chake chili choti ayankhe kuti "fourth floor". Anapeza kuti ogwira ntchito mu Saks, sitolo ya anthu olemera, ndiwo ankamveketsa r kwambiri, pamene a mu S. Klein, sitolo ya katundu wotsika mtengo, ndiwo ankamumeza kwambiri. Liwu lomwelo, m'mawu omwewo, ku England ndi la wosaphunzira, ku New York ndi la bwana. Ngati zili choncho, sipangakhale kanthu m'liwulo kamene kamalipanga kukhala labwino kapena loipa. Omvera amayamba aona kuti wolankhulayo ndi wa pati pa makwerero a chuma, kenaka n'kukometsa kapena kuipitsa katchulidwe kake.

Nanga Chingerezi cha Mfumu chija chinachokera kuti? Akatswiri amachitcha Received Pronunciation, ndipo chinaumbidwa m'zaka za m'ma 1800 m'sukulu zogonera komweko za ana a anthu olemera, monga Eton, Harrow ndi Winchester, kumene anyamata ochokera m'zigawo zosiyanasiyana ankasiya katchulidwe kakwawo kuti asamasekedwe. Daniel Jones anachilemba m'dikishonale ya katchulidwe mu 1917, ndipo BBC, imene mu 1926 inakhazikitsa komiti yolangiza owulutsa mawu za katchulidwe, inachifalitsa padziko lonse. Kudzera mu wailesi imeneyi, komanso mwa mabwanamkubwa ndi ma DC amene ambiri anaphunzira m'sukulu za mtundu womwewo, ife tinafika poganiza kuti umo ndi momwe Mngerezi aliyense amalankhulira. Peter Trudgill, katswiri wa zilankhulo wa ku Norwich, anayerekeza m'zaka za m'ma 1970 kuti olankhula motero ku Britain anali 3 okha pa anthu 100 alionse. Ngakhale Mfumukazi Elizabeth II sinachisunge chimodzimodzi moyo wake wonse: kafukufuku wa Jonathan Harrington ndi anzake, wofalitsidwa mu 2000, anayerekeza mauthenga ake a pa Khirisimasi a m'ma 1950 ndi a m'ma 1980, n'kupeza kuti mavawelo ake anali atasendera kufupi ndi a anthu wamba a kummwera kwa England.

Ena angavomereze za katchulidwe koma n'kukana pa galamala, ponena kuti malankhulidwe a m'madera ndi ulesi chabe wosafuna kutsata malamulo. Apanso mbiri ikuwatsutsa. Chingerezi chinali ndi "thou" polankhula ndi munthu mmodzi wozolowerana naye, ndi "you" polankhula ndi gulu kapena munthu wolemekezeka, monga momwe ife timasiyanitsira iwe ndi inu. Chingerezi chovomerezeka chinataya "thou" n'kutsala ndi mawu amodzi osasonyeza ngati ukulankhula ndi mmodzi kapena ndi ambiri. Okalamba ena a ku Yorkshire akadali ndi "tha" wawo, ndipo madera ena anadzipangira njira yotsekera mpatawo: "yous" ku Ireland, Glasgow ndi Liverpool, "y'all" kummwera kwa America, "yinz" ku Pittsburgh. Osekedwawo ndiwo akonza chimene chinawonongeka. Kukana kawiri m'chiganizo chimodzi, monga "I don't know nothing", kunali kofala m'Chingerezi cha m'zaka za m'ma 1300, ndipo olemba mabuku a galamala a m'zaka za m'ma 1700, monga Robert Lowth mu 1762, anakutsutsa pa chifukwa cha masamu chakuti kukana kuwiri kumabala kuvomera, chonsecho olankhula Chisipanishi ndi Chitaliyana amakana kawiri tsiku ndi tsiku popanda wosokonezeka. Munthu wakuda wa ku America akati "he be working" amatanthauza kuti munthuyo ali ndi chizolowezi chogwira ntchito, ndipo akati "he working" ndiye kuti ali pa ntchito pakali pano, kusiyana kumene ife timakudziwa bwino pakati pa amagwira ndi akugwira. Amenewo ndi malamulo enieni, ndipo mlendo woyesa kutsanzira amawaphwanya, eni ake n'kumutulukira nthawi yomweyo.

Pali mfundo imodzi ya otsutsa imene sindingaikankhire pambali. Iwo amati dziko likufunika Chingerezi chimodzi choti wa ku Lagos, wa ku Mumbai ndi wa ku Lilongwe azimvana, ndipo kuuza mwana wa kumudzi kuti Chingerezi chilichonse n'chabwino ndiko kumutsekera khomo, popeza wolephera Chingerezi salandira satifiketi ya MSCE, ndipo kalata yofunsira ntchito yodzaza ndi zolakwika imathera m'bini. Zonsezi n'zoona, ndipo mphunzitsi ayenera kulimbikira galamala ndi kalembedwe kovomerezeka mosanyengerera. Koma chimene chimagwirizanitsa dziko ndi Chingerezi cholembedwa, ndipo chimenecho chilibe katchulidwe kakekake. Nkhani ya m'nyuzipepala ya ku London angaiwerenge mokweza wa ku Glasgow, wa ku Texas ndi wa ku Mzimba, aliyense ndi lilime lake, galamala ya nkhaniyo osasintha ngakhale pang'ono. Cholembedwachonso chili ndi mitundu iwiri yovomerezeka chiyambire pamene Noah Webster anatulutsa dikishonale yake ku America mu 1828, yokhala ndi "color" ndi "center", koma palibe amene wasokera nazo. Kuphunzira chovomerezeka sikulira kuti munthu ataye chakwawo. Joseph Wright, wobadwa mu 1855 kufupi ndi Bradford, anayamba ganyu yoyendetsa bulu ali ndi zaka 6, anaphunzira kuwerenga ali ndi zaka pafupifupi 15, n'kudzafika pokhala pulofesa ku Oxford, ndipo ntchito yaikulu ya moyo wake inali dikishonale ya mabuku 6 ya mawu a Chingerezi cha m'madera, yotuluka pakati pa 1898 ndi 1905.

Kunyoza katchulidwe kumapweteka anthu, ndipo Angerezi eni ake akufufuzapo. Mu 1970 wofufuza wina dzina lake Howard Giles anapempha anthu kuti aike malankhulidwe osiyanasiyana pamndandanda wa ulemu, ndipo Received Pronunciation inakhala pamwamba, malankhulidwe a mizinda ya mafakitale monga Birmingham ndi Liverpool n'kutsikira pansi. Lipoti la bungwe la Sutton Trust la mu 2022 linapeza kuti patatha zaka 50 mndandandawo sunasinthe kwenikweni, ndipo kuti achinyamata ambiri ochokera kumpoto ndi m'mabanja osapeza bwino amada nkhawa kuti kalankhulidwe kawo kadzawatchinga pa ntchito.

Kwathu kuno tinatengera tsankho limeneli osafunsa, ngakhale mbiri yathu yomwe ikadatichenjeza. Chingerezi choyamba kuphunzitsidwa m'sukulu zambiri za dziko lino chinadza ndi anthu a ku Scotland. Mishoni ya Livingstonia inayamba mu 1875, ya Blantyre mu 1876, Robert Laws anali wa ku Aberdeen, ndipo David Livingstone anabadwira ku Blantyre ya ku Lanarkshire, kutali kwambiri ndi Eton. Komabe pamene Kamuzu Academy inatsegulidwa ku Mtunthama mu 1981, chitsanzo chimene anatsata chinali Eton yomweyo. Lero timaseka munthu wosakaniza l ndi r, chonsecho chifukwa chake n'chodziwika: m'Chichewa l ndi r sasintha tanthauzo la mawu, ndiye khutu lathu silinaphunzire kuwalekanitsa tili ana. Mngerezi nayenso samva kusiyana kwa pala ndi phala, ndipo amapunthwa pa liwu loyamba la ng'ombe, koma palibe amene amamutcha mbuli. Phungu akalankhula ku Nyumba ya Malamulo, kumene malamulo a dziko amafuna kuti aliyense adziwe kulankhula ndi kuwerenga Chingerezi, kakanema ka pamene lilime linaterereka kamazungulira pa WhatsApp tsiku lonse, pamene zimene ananena zokhudza mlatho wa kwawo palibe wozikumbukira. Wa Chingerezi cha m'mphuno ndiye timamuwombera m'manja asananene kanthu.

Anzathu ena analeka kupepesa. Mu Januwale 2020 dikishonale yaikulu ya Oxford inalandira mawu 29 a Chingerezi cha ku Nigeria, kuphatikizapo "okada", njinga yamoto ya kabaza, ndi "danfo", minibasi ya ku Lagos. Magetsi a pamsewu amene ife timati maloboti ndi "robot" wa Chingerezi cha ku South Africa, mawu amene wa ku London sangawamve m'tanthauzo limenelo, koma ku Johannesburg palibe amene amawaona ngati olakwika.

Phindu lenileni la kudziwa zonsezi lili pa khutu. Anamwino ndi osamalira okalamba amene akugwira ntchito ku Britain ndi ku Ireland anakhoza mayeso a Chingerezi monga a IELTS kapena a OET, koma odwala awo si owulutsa mawu a BBC. Gogo wa ku Newcastle akati "bairn" akunena mwana, wa ku Dundee akati "ah dinnae ken" akunena kuti sakudziwa, wa ku Yorkshire akayankha kuti "nowt" ndiye kuti palibe kanthu, ndipo wogwira ntchito usiku yekha m'nyumba ya okalamba alibe womufunsa. Mphamvu zimene timathera pokonza pakamwa pa ana kuti pafanane ndi pa anthu 3 pa 100 zikadathandiza kwambiri zikadapita ku kuwamveretsa mawu ojambulidwa a ku Belfast, Kingston, Chennai, Atlanta ndi Durban, zimene lero foni ya mphunzitsi ingathe kuchita.

Muyeso woyenera pa katchulidwe ulipo kale, ndipo anaukhazikitsa ndi anthu amene kusamvana kwawo kumapha. Bungwe la ICAO, loona za maulendo a pandege padziko lonse, limayesa Chingerezi cha oyendetsa ndege ndi cha owalondolera ali pansi pa masitepe 6, ndipo sitepe 4 ndiyo yotsikitsitsa yololedwa pa maulendo a pakati pa mayiko. Ngakhale pa sitepe 6, yapamwamba kwambiri, malamulowo amalola kuti katchulidwe ka munthu kasonyeze chilankhulo chake choyamba kapena dera lake, bola kasalepheretse womvera kumva. Bungweli limalangizanso eni ake Chingerezi kuti pa wailesi ya ndege achepetse liwiro ndi kupewa zining'a zakwawo. Muyeso umene ukutsitsa ndege bwinobwino pa Heathrow ndi pa Chileka ungakwanirenso pa gulu lofunsa mafunso munthu wofuna ntchito ya ukalaliki, ndi pa mphunzitsi wopereka malikisi a kuwerenga mokweza mu Sitandade 6.